Nkhukundembo ya Mayi Ashcroft

Pakampu pathu pa Guam mkazi wa msilikali sakhala ndi dzina lakelake. Kuchipatala amakufunsa nambala ya mwamuna wako. Kusitolo chiphaso chako chimanena poyera kuti ndiwe wodalira wina. Ukaimika galimoto pamalo a abwana, amene amakaima njo pamaso pa akuluakulu ndi mwamuna wako, iwe uli phee kunyumba ukupukuta mbale. Renita Gaskins ankazidziwa zonsezi, ndipo ankadana nazo ndi mtima wake wonse. Kamodzi kokha ndi pamene anagwirapo mphamvu m'manja mwake. Mwamuna wake, Sajeni Lamont Gaskins, atatumizidwa kuchipululu kwa miyezi ingapo, anamusiyira chikalata chomulola kusayina chilichonse m'malo mwake. Akazi ena akapatsidwa chikalata chimenechi amathamangira kukagula galimoto. Renita anathamangira kusukulu kukalembetsa ana ake awiri kuti azidya chaulere.

Lamont atabwerako, Renita sanamuuze. Akanamuyamba bwanji? Lamont anakulira ku Mississippi, pasukulu pomwe ana odya chaulere ankapatsidwa tikiti yapinki pamene anzawo ankanyamula yoyera, ndipo tikiti imeneyo anali asanaikhululukirebe. Analumbira kuti mwana wake sadzaima pamzere wa osauka. Kulumbira n'kosavuta. Malipiro a sajeni wamng'ono ankatha mwezi ukadalipo, gawo lina likupita kwa amayi ake odwala shuga, ndipo pachilumba pano ngakhale kabichi amabwera pasitima. Renita ankaluka akazi anzake tsitsi pakhonde, ndiye Lamont ankaganiza kuti ana amadyera ndalama za tsitsizo. Ankanyadira nazo pamaso pa anzake.

Chinsinsicho chinali chosavuta kusunga. Kuholo yodyera mwana aliyense amangodina nambala yake pamakina n'kunyamula thireyi, wolipira ndi wosalipira osasiyana. Odessa, wazaka khumi ndi chimodzi, ndi mlongo wake Micah wa kalasi yoyamba ankadya nkhuku, mpunga wofiira, mkaka ndi chipatso, n'kubwera kunyumba ndi mphamvu zosokosera. Renita sankafuna chinanso pa dziko lino.

Koma Lachiwiri lililonse kuseri kwa makinawo kunkaima Mayi Ashcroft, mkazi wa Mejala Ashcroft, mkulu wa gulu la Lamont. Udindo unali wa mwamuna, koma amene ankauvala ndi mkazi. Ankadzipereka paliponse, kutchalitchi, kumsonkhano wa akazi, kusukulu, komwe ankatsegulira ana aang'ono mabokosi a mkaka, maso ali pa galasi la makina. Anali ndi chifundo cha mtundu uja chimene sichigona tulo ngati sichinajambulidwe.

Kutatsala pang'ono Tsiku Lothokoza, chikondwerero chimene mabanja amadya nkhukundembo, galimoto yoyera ya Mayi Ashcroft inaima pakhomo pa a Gaskins masana dzuwa likuswa mtengo. Sabata imeneyo Lamont ankagwira ntchito usiku, ndiye anali panja, atavala kabudula, akutsuka galimoto yake. Mayi Ashcroft anatsika ndi akazi awiri a maofesala. Mmodzi ananyamula dengu lalikulu lomangidwa riboni, winayo foni ili kale m'mwamba.

"Sajeni, musadzivute, pitirizani kutsuka," anatero Mayi Ashcroft. "Tabwera kwa mayi wa m'nyumba. Renita! Tuluka, wokondedwa, takubweretsera kanthu."

Renita anatuluka chipeso chili m'manja. Pakhonde panali Luz, mnansi wake, tsitsi litalukidwa theka. Tsidya lina la msewu makatani anayamba kugwedezeka.

"Mwina mwasokera nyumba, mayi," anatero Lamont, akupukuta manja pakabudula.

"Ayi ndithu, ndi pompano. Chaka chino tasankha mabanja amene ana awo amadya chaulere kusukulu. Ine ndimakhala komweko, ndimaona. Odessa wanuyo mpunga wofiira amaukonda bwanji! Palibe chochititsa manyazi, Sajeni. Tonse ndife banja limodzi."

Madzi a paipi ankangoyenderera pansi, kunyowetsa mapazi a Lamont. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mkazi wake. Koma Mayi Ashcroft anali mkazi wa bwana. Lamont analandira dengu ndi manja awiri, anaonetsa mano pamene anauzidwa kuti amwetulire, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi." Renita anakokedwa dzanja kuti aime pambali pake. Foni inajambula kawiri.

Galimoto yoyera isanakhote n'komwe, Luz anali atamanga kale mpango pamutu wake wosathawo. "Tidzamaliza mawa, mnzanga," anatero, n'kuthawa.

Lamont analiponya dengu patebulo la kukhitchini. Nkhukundembo yowuma ndi ayezi inagubuduka n'kugunda ketulo.

"Chaulere," anatero. "Ana anga. Kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene iwe unali kuchipululu, ine ndikuthira madzi mumkaka kuti ukwane."

"Ndiye wakhala ukundinamiza? Ine kumayenda chifuwa patsogolo kuti mkazi wanga ndi wolimbikira, kumeneko ukupemphetsa ndi dzina langa?"

"Sindinapemphe munthu. Ndi lamulo, Lamont. Anaona malipiro ako, anati ana akuyenera. Ngati zikukuwawa, kakwiyire amene amakulipira."

"Usandiphunzitse malamulo iwe! Ndikudikira kukwezedwa. Ukudziwa zimene amachita ndi munthu amene akumveka kuti ndalama zikumuvuta? Amamuchotsa pa ntchito yokonza ndege, n'kumupatsa tsache. Pofika madzulo chithunzi chija chikhala pafoni ya aliyense. Sajeni Gaskins, wolandira dengu!"

"Dengulo walandira ndiwe. Ndi manja awiri, mano onse panja. 'Zikomo kwambiri, mayi.' Ukali wakowu unali kuti pamene mayi uja anali pano? Umausungira ine?"

Pamenepo anamugwira pachilonda, ndipo onse awiri anadziwa. Lamont anamenya tebulo mpaka zitini zinadumpha.

"Mawa ukawachotse anawo."

"Sindikuwachotsa."

"Ndati ukawachotse!"

"Udzawaphikira ndiwe? Udzawalongedzera chiyani, mizere ya usajeni ya pamkono pakoyo?"

Lamont analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Renita anatsala ndi dengu. Analiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukuwira. Mwamuna wakeyo anali wouma mutu, inde, koma kuuma mutu kumeneko Renita anali atakuzungulira bwinobwino, ana akudya, nyumba ili pamtendere. Amene anabwera kudzagwetsa zonse ndi mkazi uja wa riboni, pofuna chithunzi. Renita anabweza nkhukundembo m'dengu, analinyamula pachifuwa, n'kutuluka osavula n'komwe masilipasi.

Nyumba za maofesala zili pamtunda, kumene kumawomba kamphepo ka kunyanja. Anakwera msewuwo thukuta lili kamukamu, ayezi akusungunuka n'kumunyowetsa diresi. Inali nthawi yoweruka. Magalimoto ankadutsa, ana ankapalasa njinga, asilikali ena akuthamanga m'mbali mwa msewu. Atangokhota kulowa mumsewu wa a Mejala, zimkuzamawu za pamitengo zinakhosomola, ndipo lipenga lotsitsira mbendera linalira.

Kampu yonse inauma. Magalimoto anaima pakati pa msewu. Othamanga aja anaima njo kuyang'ana kumene kuli mbendera. Ana anatsika panjinga n'kuika dzanja pamtima. Mayi wina amene ankatulutsa zinyalala anaima ndi thumba lake m'manja. Zimenezi timachita tsiku lililonse, ndipo mwana amaziphunzira asanaphunzire kumanga nsapato. Miyendo ya Renita nayo inafuna kuima yokha. Koma anaona Mayi Ashcroft ali pa kapinga wa pakhomo pawo, dzanja pamtima, chibwano m'mwamba, ndi a Mejala ataima pambali pa galimoto yawo, dzanja pachipumi. Nyimbo ya fuko inayamba. Renita anazindikira kuti mpaka nyimboyo ithe, anthu awiriwa sangasunthe, sangamuyankhe, sangamutsekere chitseko.

Anayenda. Msewu wonse kunkamveka nyimbo ndi masilipasi ake okha, phwa, phwa, phwa. Anafika pamaso pa Mayi Ashcroft n'kutula dengu.

"Imani choncho, mayi, musagwedezeke. Lero mundimva."

Maso a Mayi Ashcroft anatong'oka, koma dzanja silinachoke pamtima.

"Amene anakupatsani ntchito yosuzumira pamakina ndani? Munapita kukatsegula mkaka, kapena kukawerenga ana a anthu? Ana anga amadya mwakachetechete, osavuta munthu, inu n'kubwera kudzawalengeza msewu wonse." Anatulutsa chitini cha nyemba n'kuchiika pa kapinga. "Ichi chinatha ntchito chaka chatha. Mwasesa m'kabati mwanu, eti?" Anatulutsa china. "Ichi n'chophwanyika. Ichi ngakhale inu simukuchidziwa kuti n'chiyani. Banja limodzi! Pakhomo panga munapondapo liti popanda foni?"

Khosi la Mayi Ashcroft linafiira mpaka m'makutu. A Mejala ankayang'ana kutsogolo ngati chipilala, koma mtsempha wa pachipumi unkagunda. Renita anakoka nkhukundembo, anaikweza ndi manja awiri, n'kuiponya pakati pa maluwa. Inagwa kuti di!

"Ana anga si opemphapempha. Zanuzi kapatseni galu wanu, mumujambule."

Nyimbo inafika kumapeto. Injini zinayambanso kulira. A Mejala anatsitsa dzanja, anakonza chipewa, n'kumuyandikira. Sanakweze mawu.

"Mayi, ndinu mkazi wa ndani?"

"Dzina langa ndine Renita."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndi mkazi wa Gaskins," anatero Mayi Ashcroft, mawu akutuluka movutikira. "Sajeni Gaskins."

Renita atatembenuka kuti azipita, anaona Odessa tsidya lina la msewu, njinga ili pakati pa miyendo, dzanja laiwalika pamtima. Mwanayo anali atamva zonse. Maso ake ankawala, ndipo Renita, kunena zoona, ananyadira. Anatsika phirilo akumva kupepuka ngati watula mtolo wa chaka chonse.

Kukoma kwake kunatha usiku womwewo. Pofika m'mawa nkhani inali m'kamwam'kamwa kuyambira kugeti mpaka kokonzera ndege, ndipo palibe amene ankakamba za chakudya cha ana kapena za kusuzumira pamakina. Onse ankakamba za mkazi amene anayenda nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Akazi amene dzulo lake ankaseka Mayi Ashcroft kumbali, lero anali akumutumizira maluwa. Awiri amene anapangana ndi Renita zoluka tsitsi anatumiza uthenga kuti atanganidwa. Luz anakamalizitsa mutu wake kwina.

Lamont anaitanidwa atavala yunifolomu ya zikondwerero, ija ya mabatani owala. Anabwerako masana, nalowa osagogoda phazi pachopondera, nakhala pampando osavula chipewa.

"Ndaima pakapeti ngati mwana wakuba shuga," anatero. "A Mejala uku, sajeni wamkulu uku. Akuti munthu wolephera kuyendetsa nyumba yake angayendetse bwanji anyamata okonza ndege? Akuti ukadzabwerezanso adzakukweza ndege, ubwerere kwanu."

"Za kusuzumira kwa mkazi wawo anenapo chiyani?"

"Ukuganiza kuti ndinafunsa? Pamene paja munthu amangoti 'Inde, bwana.'"

"Umatha bwino zimenezo."

Lamont anaseka kuseka kopanda mano. "Lankhula. Pakamwa pako patigulira zambiri sabata ino. Pobwera ndadzera kusukulu. Ndawachotsa."

Renita anagwira m'mphepete mwa sinki. "Wachita chiyani?"

"Ndawachotsa. Mayi wa mu ofesi anayesa kundinyengerera, ndamuuza kuti mwini nambala ndine. Ana a Gaskins sadzadyanso chaulere, ndipo palibe amene adzabwerenso ndi dengu pakhomo pano."

"Ndikawalembetsanso mawa lomwe."

"Ndi pepala la malipiro la ndani? Chikalata chako chija chinatha tsiku limene ndinatsika ndege. Pita ukawauze kuti ndiwe Renita, uone ngati akukudziwa."

"Ukulanga ana chifukwa walephera kuyankha bwana wako."

"Ndikukonza zimene wawononga iwe."

"Ndiwe wamantha, Lamont. Wamantha wovala mabatani."

Anatukwanizana mpaka Micah anayamba kulira kuchipinda. Masiku otsatira anadutsana m'nyumba ngati anthu okwera basi imodzi. Tsiku Lothokoza anadya makaroni ndi nyama ya m'chitini, aliyense maso pambale yake. Renita ankamuda mwamuna wake, ankamuda Mayi Ashcroft, ankaida kampu yonse ndi lipenga lake lomwe. Za iye mwini sankafuna kuganiza.

Sukulu itatsegulidwa, malipiro anali asanalowe ndipo olukitsa tsitsi anali atasowa. Lolemba anakwanitsa kuwalongedzera mazira owiritsa. Lachiwiri m'kabati munatsala buledi pang'ono ndi chiponde cha pansi pa botolo. Anapala botololo ndi mpeni, anapaka, n'kukulunga timapaketi tiwiri. Lamont anali m'tulo, wochokera ku ntchito ya usiku, ndipo sanaone kuchepa kwake.

Basi ya sukulu itabwerako, Micah anathamangira m'nyumba monga mwa masiku onse. Odessa anabwera pambuyo, akukoka chikwama, milomo itauma. Anakhala pampando wa kukhitchini n'kuika mutu patebulo.

"Wadwala?" anafunsa Renita.

"Ayi. Mutu wokha."

"Wadya?"

Mwanayo anazengereza. "Micah analira m'basi kuti kake n'kakang'ono. Ndinamupatsa kanga."

"Ndiye iwe wadya chiyani?"

"Ndinangokhala patebulo ndi anzanga. Ndinawauza kuti ndakhuta." Anadzutsa mutu. "Kenako anabwera Mayi Ashcroft."

Renita anasiya mbale imene ankatsuka. "Anati chiyani? Anakujambula?"

"Ayi, analibe foni. Anangobwera ndi thireyi n'kuiika pamaso panga. Anandinong'oneza kuti alipira okha, palibe amene adziwe. Munali nkhuku, amayi. Ndi mpunga uja."

"Ndiye?"

Odessa anawongoka pampando, ndipo nkhope yake yotopayo inawala pang'ono. "Ndinaimirira. Ndinawauza mokweza, holo yonse inamva. Ndinati, 'Sindine wopemphapempha. Kapatseni galu wanu.' Ndinaikankha thireyi, mkaka unatayikira pa nsapato zawo. Ananditengera kwa ahedi, ndakhala pabenchi mpaka belu. Akuti aimbira adadi foni."

Renita anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa mwana wanjala, ndipo sanamukomerenso ngati tsiku lija. Iye anawalankhula atakhuta. Manyazi anamugwira, manyazi enieni, oposa a dengu aja. Nkhondo anaiyamba akuluakulu atatu, aliyense ndi matama ake, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anagonapo ndi njala chifukwa cha iyo.

Kuchipinda foni ya Lamont inayamba kulira.

"Inkanunkhira, amayi," anatero Odessa. "Koma sindinaikhudze, ngakhale pang'ono." Anamuyang'ana mayi ake m'maso, akudikira. "Ndachita bwino, eti?"

Renita anatsegula kabati, ngakhale ankadziwa kale kuti mulibe kanthu, n'kuima pamenepo atamufulatira mwanayo.